Chibadwa cha makumba a ku Chilwa chilembedwe nyanja isanaphwenso

Mapu a chibadwa cha nsomba amasonyeza pamene pali malangizo amene nsomba imatengera kwa makolo ake: a kakulidwe, a kupirira matenda, a msinkhu woyambira kuswana, ngakhale a kukhala yaimuna kapena yaikazi. Malangizowa amakhala mu DNA, kaulusi kosaoneka ndi maso kamene kali m'maselo a thupi, kokulungidwa m'timitolo totchedwa makromozomu. Akatswiri akamajambula mapuwa amafufuza zizindikiro zambirimbiri m'timitoloto, n'kuona zimene zimayendera limodzi kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, ndiponso zimene zimapezeka kawirikawiri mwa nsomba zokula msanga kapena zopulumuka mliri. Maiko oweta nsomba za m'nyanja zamchere anaigwira kale ntchitoyi ndipo akudyerera. Kuno ku Malawi nsomba imene ikufunika ntchito yotereyi mwachangu ndi makumba a m'nyanja ya Chilwa, nyanja imene gombe lake lakummwera lili m'boma la Phalombe. Boma la Malawi liyenera kuikapo ndalama zake, ndipo lichite zimenezi lisanamvere anthu amene akufuna kuti m'madamu a alimi mulowe nsomba zachilendo.

Anthu ambiri akamva za DNA amaganiza za zamoyo zosinthidwa chibadwa, zija zimatchedwa GMO. Kujambula mapu ndi nkhani ina. Palibe chimene amathira mu nsomba, palibenso chimene amachotsamo. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya mayi wosankha mbewu pankhokwe, amene amapatula chimanga cha zitsononkho zazikulu ndi maso odzadza kuti adzabzale chaka chamawa. Kusiyana kwake n'kwakuti mayiyo amasankha ndi maso, pamene woweta nsomba amene ali ndi mapu amatha kusankha ndi zimene maso sangaone. Sangadziwe poyang'ana kuti mwa ana a nsomba 1,000 ndi ati amene angapirire matenda, koma kachidutswa ka chipsepse kakhoza kumuuza.

Phindu la njirayi linaonekera bwino ku Norway pa nsomba ya salmon, imene imawetedwa m'zitete zoyandama m'nyanja yamchere. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, akatswiri motsogozedwa ndi Trygve Gjedrem anatolera salmon m'mitsinje pafupifupi 40 ya dzikolo n'kuyamba kuisankha mabanjamabanja. Patapita mibadwo isanu, nsombayo inali kukula mofulumira kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi yakutchire, ndipo inkafuna chakudya chocheperapo kuti ifike kulemera komweko. Kenaka kunabwera vuto la matenda a IPN, oyamba ndi kachilombo kogwira kapamba, amene ankapha ana a nsomba ochuluka zedi. Mu 2008 ndi 2009, magulu awiri a akatswiri, lina la ku Scotland lina la ku Norway, anapeza kuti kupirira matendawa kumadalira kwambiri malo amodzi okha pa kromozomu ya nambala 26. Oswetsa nsomba anayamba kusankha makolo okhala ndi chizindikiro chimenecho. Mu 2009 ku Norway matendawa anabuka m'malo oposa 200; pofika 2015 anabuka m'malo pafupifupi 30. Mu 2016 akatswiri a ku Norway, Canada ndi Chile anasindikiza DNA yonse ya salmon, ya makromozomu awiriawiri okwana 29. Lero Norway imakolola matani oposa 1 miliyoni a nsombayi pachaka. Ntchitoyi inatenga zaka zoposa 40, ndipo inayamba ndi nsomba za m'mitsinje ya kwawo komweko.

Chitsanzo chachiwiri chikukhudza Africa mwachindunji, ndipo n'chowawa. Mu 1988 ku Philippines kunayamba ntchito yosankha nsomba ya Nile tilapia, yoyendetsedwa ndi bungwe la ICLARM, limene pano ndi WorldFish, mothandizana ndi akatswiri a ku Norway. Anasakaniza mitundu isanu ndi itatu. Inayi inali yowetedwa kale ku Asia, ndipo inayi inakatengedwa m'madzi a ku Egypt, Ghana, Kenya ndi Senegal. Patatha mibadwo isanu, mtundu watsopano wotchedwa GIFT unali kukula mofulumira ndi 85 peresenti kuposa makolo oyamba aja. Mtunduwu unafalikira m'maiko oposa 10 n'kulemeretsa alimi a ku Philippines, Thailand, Vietnam, Bangladesh ndi China. Nsomba inali ya ku Africa, koma amene anakhala pansi n'kuiphunzira ndi amene anapindula nayo koyamba. Dziko lokhala ndi nsomba yabwino koma osaidziwa lili ngati munthu wogona pa thumba la ndalama n'kumalira njala.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Namadzi, Likangala ndi Domasi imathiramo, koma madziwo amachoka pokhapokha dzuwa likawauma, n'chifukwa chake ndi amchere ndiponso amatope. Ndi yosaya, ndipo yazunguliridwa ndi madambo a njedza mmene asodzi amamanga zimbowera zawo. Nsomba zimene zimagwidwa kwambiri mmenemu ndi zitatu: matemba, mlamba ndi makumba. Pa zaka za madzi ambiri, nyanjayi yakhala ikupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno, ndipo matemba ouma ochokera pa doko la Swang'oma ndi ndiwo za mabanja ambiri ku Migowi, Chiringa, Mulanje mpaka Blantyre. Makumba a kumeneku akatswiri amawaika pagulu lawolawo, Oreochromis shiranus chilwae, kuwasiyanitsa ndi a mumtsinje wa Shire ndi m'nyanja ya Malawi.

Chimene chimawachititsa kukhala amtengo wapatali ndi moyo umene akhala akudutsamo. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995, komanso mu 2018, pamene mabwato anatsala ali gwaa pa dothi long'ambika ndipo anthu ankayenda pansi pamalo amene kale ankaponyapo makoka. Madzi akamachepa, mchere umachuluka, kutentha kumakwera, mpweya m'madzi umachepa, ndipo nsomba zambiri zimafa. Zotsala zimathawira m'mathamanda a m'mitsinje ndi m'madambo, monga chigawo cha Mpoto, ndipo mvula ikabwerera ndi zimenezo zimene zimadzazanso nyanja. Makumba a lero ndi zidzukulu za nsomba zimene zinapulumuka kambirimbiri. Chilengedwe chakhala chikuwasefa kwa zaka zosawerengeka pa zinthu zomwezo zimene zikuvutitsa mlimi wa nsomba masiku ano: madzi otentha, madzi ochepa, madzi oipa.

Kuphwa kwa nyanja kuli ndi mbali inanso yoopsa. Nsomba mamiliyoni zikatsala zochepa m'mathamanda angapo, mitundu ina ya malangizo a chibadwa imafera limodzi ndi nsomba zimene zinali nawo, ndipo sibwereranso. Kale mathamandawo anali akuya ndiponso ambiri. Masiku ano mitengo yatha m'mapiri, mitsinje yadzadza mchenga, ulimi wothirira ukupatutsa madzi, ndipo anthu ovutika ndi njala amasodza m'mathamanda momwemo, ena ndi masikito. Kuphwa kulikonse kukusiya khomo lothinana kuposa lakale. Chuma chimene sichinawerengedwe chimatha popanda wodziwa kuti chinalipo.

Ku damu la mlimi vuto ndi lomwelo, koma limaoneka ndi maso. Mlimi wa m'munsi mwa phiri la Michesi amakumba damu lake ndi khasu, n'kugula mbewu ya nsomba kwa mnzake wa mudzi woyandikana nawo, amenenso anagula kwa wina. Amathira manyowa a nkhuku kuti madzi abiriwire, amawaza madeya m'mawa ndi madzulo, n'kudikira miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku lokolola, khoka limatuluka lodzadza ndi tinsomba tosaposa zala zitatu m'lifupi. Akatola kamodzi n'kukatsegula kukamwa, amapeza mazira achikasu: kansomba kakang'ono chonchi kayamba kale kulera. Makumba aakazi amasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndipo nthawi yonseyo sadya mokwanira, choncho mphamvu imene ikanapita ku mnofu imapita ku kuswana. Mlimiyo amasankha zazikulu zochepazo kukagulitsa, zazing'ono n'kuzibweza m'damu kuti zikhale makolo a chaka chamawa. Akatero kwa zaka zingapo, amakhala wasankha yekha mtundu wosakula, wokwatirana pachibale. Vuto si ulesi wake. Palibe mlimi amene angakonze mbewu ya nsomba ndi damu limodzi.

Akatswiri a ku Malawi anaziona zimenezi kalekale. Mu 1999 Aggrey Ambali ndi anzake anasindikiza kafukufuku wa DNA ya makumba, amene anasonyeza kuti nsomba za m'madamu zinali zitataya kale gawo la kusiyanasiyana kwa chibadwa kumene nsomba zakutchire zinali nako. Mu 2006 Alfred Maluwa ndi Bjarne Gjerde wa ku Norway anasindikiza zotsatira za kukwatitsa mitundu inayi ya makumba yochokera m'madzi osiyanasiyana a dziko lino, ndipo ntchito yawo inasonyeza kuti nsombayi ikhoza kukula bwino ikamasankhidwa mwadongosolo. Malo a National Aquaculture Centre ku Domasi alipo. Ku Bunda, pa sukulu ya LUANAR, kuli likulu la maphunziro apamwamba a za ulimi wa nsomba lokhazikitsidwa ndi thandizo la World Bank. Anthu odziwa ntchito alipo. Chimene chakhala chikusowa ndi ndalama zokhazikika. Ntchito yosankha mbewu imafuna kuti mabanja a nsomba asungidwe padera, mbadwo ndi mbadwo, popanda kudukiza. Polojekiti ya zaka zitatu kapena zisanu ikatha, chakudya cha nsomba chikasowa, mabanja akasakanikirana, zonse zimabwerera poyambira. Dziko silingakonze mbewu yake ndi ndalama zopempha zokha.

Chodabwitsa n'chakuti nsomba za ku Malawi zili m'gulu la nsomba zimene DNA yake yawerengedwa kwambiri padziko lonse. Mu 2014, pamene DNA yonse ya Nile tilapia inasindikizidwa, pambali pake panali ya mbuna ya m'nyanja ya Malawi. Mu 2018 akatswiri a Wellcome Sanger Institute ku Britain ndi anzawo anasindikiza DNA ya nsomba 134 za mitundu 73 ya m'nyanjayi. Cholinga chawo chinali kumvetsa mmene mitundu yambirimbiri inapangikira m'nyanja imodzi, ndipo ndi ntchito yotamandika. Koma funso la mlimi wa ku Phalombe ndi lina: ndi makolo ati amene angabereke ana okula msanga pa madeya ndi manyowa, m'damu losaya la mwezi wa Okutobala? Funso limeneli palibe wakunja amene angalifunse m'malo mwa Amalawi. Kubwereka mapu a nsomba ina sikukwaniranso. Nile tilapia ili ndi makromozomu awiriawiri okwana 22, pamene chambo cha mtundu wa Oreochromis karongae chili ndi 19, ngakhale nsomba ziwirizi ndi zapachibale. Mapu a Nile tilapia angathandize poyambira, koma zizindikiro za kukula ndi kupirira ziyenera kupezeka mwa nsomba za kuno, zoyesedwa m'madzi a kuno.

Pali anthu amene akuti njira yachidule ndiyo kulola Nile tilapia kulowa m'dziko muno. Mfundo yawo ndi yomveka: nsombayi imakula msanga, mbewu yake yosankhidwa ilipo kale, ndipo alimi a ku Zambia akupanga nayo ndalama. Koma zimene zinachitika ku Zambia komweko ziyenera kuwerengedwa zonse. Nile tilapia inathawa m'madamu n'kulowa mumtsinje wa Kafue, mmene yakhala ikuswana ndi nsomba ya kumeneko, Oreochromis andersonii. Mu Kariba inalanda malo a Oreochromis mortimeri mpaka nsombayo kutsala pang'ono kutha. Mu 2013 akatswiri analengeza kuti Nile tilapia yapezeka kale m'chigwa cha nyanja ya Malawi mbali ya Tanzania. Izi zikuchitika pamene mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pachiopsezo chachikulu cha kutheratu. Lamulo la usodzi la 1997 lili ndi chifukwa chomveka choletsera kulowetsa nsomba zachilendo mwachisawawa.

Munthu wa ku Phalombe safunika kuuzidwa kuti damu silitsekera nsomba mpaka kalekale. Napolo wa mu Malichi 1991 anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ikuluikulu n'kukokolola midzi. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anamiza minda. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasesa nyumba, misewu ndi milatho, makamaka kwa Nkhulambe. Madzi otere akafika pa damu, chilichonse chili mmenemo chimapita kumtsinje, ndipo mitsinje yambiri ya m'bomali imathera mu Chilwa. Nsomba yoikidwa m'damu ku Phalombe ndi nsomba yoikidwa m'nyanja. Chosiyana ndi tsiku lofikira basi. Ikakaswana ndi makumba, palibe khoka limene lingailekanitsenso. Madzi akatayika saoleka.

Apa pakuonekera ntchito yachiwiri ya mapu a chibadwa, yolondera. Ana a nsomba za mtundu wa Oreochromis amafanana kwambiri akadali aang'ono, ndipo makumba ndi chambo amatha kuswana akakhala m'damu limodzi. Mlangizi wa nsomba, ngakhale waluso, sangatsimikize ndi maso kuti mbewu yogulitsidwa m'chidebe ndi makumba enieni, osakanizika, kapena nsomba yolowa mozemba kuchokera kutsidya kwa malire. Phalombe ili m'malire ndi Mozambique, ndipo chidebe cha ana a nsomba chimakwana pa kaliyala wa njinga. Zizindikiro zochepa za DNA zikhoza kuyankha funsoli mosakayikitsa, ndipo lamulo limene lili papepala likhoza kuyamba kugwira ntchito. N'chimodzimodzi pa matenda. Mu 2020 matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anabuka ku Mchinji n'kufalikira m'maboma ena. Kachilombo ka TiLV kakupha tilapia m'maiko a ku Asia, Africa ndi South America, ndipo mu 2021 akatswiri a Roslin Institute ndi WorldFish anapeza malo amodzi mu DNA ya GIFT amene amathandiza kwambiri kupirira kachilomboka. Dziko limene lili ndi mabanja a nsomba odziwika bwino likhoza kufufuza zotere mwa nsomba zake mliri usanafike.

Ena adzati boma limene likuvutika kugula mankhwala m'zipatala lisataye ndalama pa za DNA, komanso kuti vuto lenileni la mlimi ndi kukwera mtengo kwa chakudya cha nsomba. N'zoona kuti mbewu yabwino popanda chakudya sikula, ndipo mapu sangakonze msewu wopita kumsika. Koma chakudya chikakhala chodula, m'pamene mlimi amafunika kwambiri nsomba yosachiwononga. Kuwaza soya wogula pa ngongole m'damu la nsomba zopinimbira n'kutaya ndalama m'madzi. Kusintha kwa mbewu kumakhalitsa: kukapezeka pa mbadwo umodzi kumapita kwa ana, mbadwo wotsatira n'kuwonjezerapo, ndipo mlimi salipiranso kachiwiri. Mtengo wowerengera DNA watsika kwambiri pa zaka 20 zapitazi. Chodula ndi kusamala madamu a kafukufuku, kudyetsa mabanja a nsomba ndi kulipira ogwira ntchito chaka ndi chaka, ndipo zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi mabiliyoni amene amapita ku feteleza wotsika mtengo chaka chilichonse. M'mera m'poyamba, dziko limene limamvetsa zimenezi pa chimanga lizimvetsenso pa nsomba.

Ntchitoyi ili ndi ndondomeko yodziwika. Choyamba ndi kutolera. Wofufuza amagwira nsomba yamoyo, amaiyeza kutalika ndi kulemera, amadula kachidutswa ka chipsepse kochepa ngati njere ya mpunga, amakaika m'kabotolo ka spiriti kolembedwa malo ndi tsiku, nsombayo n'kuibweza m'madzi. Izi zichitike ku Swang'oma, ku Mpoto, m'mitsinje ya Phalombe ndi Sombani, mbali ya Zomba ndi Machinga, m'nyanja ya Chiuta, komanso m'madamu a alimi, kuti zidziwike kuti chilipo n'chiyani ndipo chatayika n'chiyani. Chachiwiri ndi nkhokwe ya nsomba zamoyo, yosungidwa m'malo osachepera awiri otalikirana kuti chigumula chimodzi chisathe zonse. Chachitatu ndi kukwatitsa mabanja odziwika, kuika chizindikiro pa nsomba iliyonse, ndi kuyesa ana ake m'madamu enieni a alimi, pa madeya ndi manyowa, osati pa chakudya cha m'matumba chokha. Apa m'pamene mapu amajambulidwa, polumikiza zizindikiro za DNA ndi zimene sikelo yaonetsa. Chachinayi ndi malo oswetsera mbewu ovomerezeka m'boma la Phalombe momwemo, kuti mlimi asamayende ulendo wa tsiku lonse kupita ku Domasi n'kufika kwawo theka la ana a nsomba litafa ndi kutentha. Mbewu ya m'chigwa cha Chilwa ichokere kwa makolo a m'chigwa chomwecho, kuti yothawa pa chigumula isaononge yakutchire.

Nkhani ya umwini ikonzedwe ntchito isanayambe. Malawi ndi membala wa pangano la Nagoya la 2010, limene limati dziko limene zamoyo zachokera lizipatsidwa gawo la phindu. DNA ikawerengedwa imasanduka zilembo za pa kompyuta zimene zimadutsa malire pa intaneti popanda chiphaso, n'chifukwa chake msonkhano wa maiko ku Cali, ku Colombia, mu 2024 unakhazikitsa thumba loti makampani opindula ndi zilembo zotere aziikamo ndalama. Mgwirizano uliwonse ndi akatswiri akunja unene poyera kuti zotsatira zizisungidwanso ku Malawi, kuti ophunzira a kuno azigwira nawo ntchito yowerenga, ndiponso kuti mbewu yotulukapo isadzakhale katundu wa kampani imodzi. Asodzi ndi makomiti a m'mphepete mwa nyanja akhalemo kuyambira pachiyambi, chifukwa ndi iwo amene amadziwa mathamanda amene nsomba zimabisalamo, ndipo ndi iwo amene angawalondere pa chilala. Khonsolo ya Phalombe ndi aphungu a m'bomali ali ndi udindo wofunsa Dipatimenti ya Usodzi kuti ndalama za ntchitoyi zili pa mzere uti mu bajeti ya dziko.

Nthawi yotolera ndi pamene nyanja ili ndi madzi ndipo makumba ali ochuluka, chifukwa m'pamene kusiyanasiyana konse kwa chibadwa chawo kungapezeke. Kuyambira 1968 kufika 1995 panapita zaka 27; kuyambira 1995 kufika 2018 panapita 23. Nyanja ya Chilwa idzaphwanso, ndipo zimene zidzakhale zitatoleredwa, kulembedwa ndi kusungidwa tsikulo lisanafike ndi zimene alimi a ku Phalombe adzakhale nazo poyambira.